Mapu a Mudzi ndi Malo Amene Amati Alibe Ntchito

Munthu akamayenda m'midzi ina ya ku Tanzania amakumana ndi chikwangwani chimene kuno kwathu sitinachizolowere. Chimaimikidwa pafupi ndi ofesi ya mudzi kapena m'mbali mwa msewu, ndipo pamenepo pamajambulidwa mudzi wonse, malire ake ndi zigawo zake, chigawo chilichonse ndi mtundu wake wa penti. Apa ndi pomanga nyumba, apa ndi polima, uko ndi kodyetsa ziweto, kutsidya kwa mtsinje ndi nkhalango yosadulidwa. Ukalowa m'tchire umapezanso tizikwangwani ta Chiswahili tonena kuti pano ndi pa malisho, kutanthauza msipu, kapena pa makazi, kutanthauza malo okhala anthu. Imeneyi ndiyo pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo a mudzi, yokonzedwa ndi boma la mudzi ndi kuvomerezedwa ndi msonkhano wa eni mudzi. Akatswiri ambiri a za malo amaitchula ngati chitsanzo kwa Africa yonse, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Ine ndikuona kuti kutamandako kwapitirira muyeso, ndipo pamene pali chilema chake ndi pomwe pangadzatipweteke ife a m'mbali mwa nyanja tikatengera njirayi osaifufuza.

Nkhaniyi si ya kutali. Tanzania ndi tsidya lina la nyanja yomwe timaphamo usipa, ndipo Ayao a ku Tunduru ndi Masasi ndi abale a Ayao a ku Mangochi ndi Machinga. Kuwonjezera apo, malamulo a malo amene Nyumba ya Malamulo yathu inapanga m'chaka cha 2016 akuponda m'mapazi omwewo: makomiti a malo m'midzi, kupima malire, kulemba malo a banja ndi kupereka chikalata. Anzathuwo anayamba ulendowu zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyambe ndi mawu akuti boma la mudzi, pakuti Mmalawi akawamva amaganiza za mfumu ndi nduna zake pabwalo. Ku Tanzania sizili choncho. Boma la Julius Nyerere linachotsa mafumu pa ulamuliro m'chaka cha 1963, ndipo pakati pa 1973 ndi 1976 linasamutsira anthu mamiliyoni m'midzi ya ujamaa, ochuluka a iwo mowakakamiza. Lamulo la 1975 linapatsa mudzi uliwonse wolembedwa m'kaundula mabwalo awiri amene alipo mpaka lero. Pali msonkhano wa mudzi, umene ndi wa munthu aliyense wokhala m'mudzimo amene wakwanitsa zaka 18, ndipo uyenera kukumana miyezi itatu iliyonse. Palinso khonsolo ya mudzi, ya anthu osankhidwa osapitirira 25, ndipo gawo la mipando yake linasungidwira amayi. Wapampando wa mudzi amavoteredwa monga ife timavotera khansala. Midzi yotere ilipo yoposa 12,000, kupatula zilumba za Zanzibar zimene zili ndi malamulo akeake a malo.

M'chaka cha 1999 dzikolo linapanga malamulo awiri, limodzi la malo onse ndi lina la malo a midzi, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2001. Nthaka yonse inagawidwa patatu. Pali malo a midzi, amene ndi pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse. Pali malo otetezedwa monga nkhalango za boma ndi mapaki a nyama. Ndipo pali kagawo kakang'ono kamene boma limabwereketsa kwa anthu a m'mizinda ndi makampani, kamene m'nkhani ino tizikatchula kuti malo a boma. Malo a midzi anaikidwa m'manja mwa khonsolo ya mudzi kuti iziwayang'anira m'malo mwa eni mudzi, ndipo khonsoloyo siingagawe malo popanda chilolezo cha msonkhano. Lamulo lina la 2007 linaonjezera kuti khonsoloyo ndiyo yokonza pulani ya malo m'dera lake.

Ntchito yake imayenda chonchi. Akatswiri a ku khonsolo ya boma amabwera m'mudzi, msonkhano umaitanidwa, ndipo pamasankhidwa komiti ya anthu a pomwepo. Choyamba ndi kumvana ndi midzi yoyandikana nayo za malire, ndipo malirewo akapimidwa mudzi umalandira chikalata chake. Kenako komiti imayenda ndi akatswiriwo m'minda, m'madambo ndi m'mapiri, kufunsa kuti pano pamachitika chiyani ndipo m'tsogolo pazichitika chiyani. Zimene agwirizana zimajambulidwa pa mapu, pamalembedwa malamulo a m'mudzi okhala ndi chindapusa kwa wowaphwanya, ndipo zonse zimabwerera ku msonkhano kuti uvomereze. Nthawi zambiri pulaniyo imakhala ya zaka khumi. Pambuyo pake mpamene banja lingapemphe chikalata cha munda wake, chimene iwo amachitcha hati ya hakimiliki ya kimila.

Wonyoza ntchito yonseyi ndiye kuti sanaone zipatso zake. Lamulo la 1999 linanena poyera kuti umwini wa malo wochokera kwa makolo uli ndi mphamvu yofanana ndi umwini wopatsidwa ndi boma, chinthu chimene atsamunda sanachivomerepo. Linanenanso kuti mwambo uliwonse womana mkazi, mwana kapena wolumala malo ndi wopanda mphamvu. Ahadzabe, anthu a m'chigwa cha Yaeda amene amadalira kusaka ndi kufula uchi, analandira mu 2011 chikalata cha gulu lonse pa mahekitala oposa 20,000, ndipo Edward Loure, mmodzi mwa amene anatsogolera njira imeneyi, analandira mphoto ya Goldman mu 2016. Ku Kilwa, dzina limene makolo athu a maulendo a malonda ankalidziwa bwino, midzi inapatula nkhalango zake pa mapu n'kuyamba kugulitsa mwa lamulo mitengo ya phingo, imene kunja amapangira zitoliro zodula, ndipo ndalama zake zimalowa m'thumba la mudzi. Izi ndi zoona, ndipo si zazing'ono.

Koma chilema chili ku mizu. Mu 1991 Pulezidenti Ali Hassan Mwinyi anasankha bungwe lofufuza nkhani za malo, lotsogozedwa ndi katswiri wa malamulo Issa Shivji. Bungwelo linayenda m'dziko lonse kumva madandaulo a anthu, ndipo mu 1992 linapereka lipoti lake. Mfundo yake yaikulu inali yakuti umwini weniweni wa malo a midzi uchoke m'manja mwa mtsogoleri wa dziko, upite ku msonkhano wa mudzi. Boma linatola zina mwa zimene bungwelo linanena, koma mfundo imeneyi linaikana. Ndondomeko ya dziko ya za malo ya 1995, ndi malamulo a 1999 amene anaitsatira, zinasiya nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti monga msungi wake m'malo mwa nzika. Choncho mudzi umene wajambula mapu okongola aja ndi woyang'anira chabe. Shivji mwiniwake wakhala akudzudzula malamulowa pa chifukwa chomwechi.

Zotsatira zake zabisala m'mawu ochepa amene munthu wowerenga mothamanga angawadumphe. Malamulo awiri a 1999 aja, opangidwa chaka chimodzi ndi nyumba imodzi, amasiyana pofotokoza kuti malo a boma ndi ati. La midzi limati ndi malo onse amene si a mudzi ndiponso si otetezedwa. Linzakelo limanena zomwezo, koma limaonjezera kuti malo a mudzi amene sipakukhala anthu kapena amene sakugwiritsidwa ntchito nawonso ali m'gulu limeneli. Pamwamba pa izo, Pulezidenti ali ndi mphamvu yosamutsa malo a mudzi n'kuwaika m'gulu la malo a boma ngati akuona kuti n'zokomera dziko, ndipo malonda aakulu amawerengedwa m'zokomera dzikozo. Ngati malowo ndi ochepera mahekitala 250, msonkhano wa mudzi ungathe kuvomera kapena kukana. Akapitirira pamenepo, msonkhano umangopereka maganizo ake, ndipo wogamula ndi nduna. Ndiye kuti mudzi uli ndi mawu otsiriza pa malo aang'ono, koma pa chigwa chonse umangofunsidwa.

Anthu a ku Kisarawe, boma la Azaramo limene lili kufupi ndi Dar es Salaam, ambiri a iwo Asilamu anzathu, anaziona izi ndi maso awo. Kampani ya ku Britain ya Sun Biofuels inapeza mahekitala oposa 8,000 kuchokera ku midzi 11 kuti ibzale jatrofa, mtengo umene kuno timati msatsimanga, pakuti panthawiyo anthu ankati udzatulutsa mafuta a galimoto. Panalonjezedwa ntchito, zitsime, sukulu ndi zipatala. Kuti kampani ya kunja ipatsidwe malowo, anayenera kuchoka m'gulu la malo a midzi n'kulowa m'gulu la malo a boma, ndipo zinaterodi. Mu 2011 kampaniyo inagwa, antchito anachotsedwa, mitengo ija inasiyidwa m'tchire. Munthu angayembekeze kuti mlendo akatsanzika mphasa imabwerera kwa mwini nyumba. Sizinatero, chifukwa pa pepala malowo sanalinso a midzi. Lamulo limalola kuti malo a boma abwezedwe ku mudzi, koma wobweza ndi Pulezidenti yemweyo, ndipo mudzi sungamukakamize.

Ena adzati Kisarawe ndi umboni wakuti pulani ikufunika, pakuti mudzi wodziwa kukula kwa malo ake sungapereke mahekitala zikwizikwi osadziwa chimene wataya. Ndikuvomereza mbali imodzi. Koma tiyeni tibwerere ku chikwangwani chija. Pambali pa minda, msipu ndi nkhalango, mapu ambiri amakhalanso ndi chigawo cholembedwa kuti akiba, malo osungira m'tsogolo, kapena uwekezaji, malo a amalonda odzabwera. Pulani isanabwere chigawo chimenechi chinalibe dzina lotero. Linali tchire limene amayi ankatolako nkhuni ndi bowa, kumene anyamata ankadula nsungwi ndi kumweta udzu wofolera, kumene munda wotopa unkagonekedwa tsala zaka zingapo kuti ubwerere mphamvu. Panalibe nyumba, panalibe mizere yooneka ndi maso tsiku limene akatswiri anadutsa, choncho pa mapu panatsala mpata, ndipo mpata uja unapatsidwa dzina. Mudzi wasaina wokha, pamaso pa mboni, kuti uli ndi malo amene sukuwagwiritsa ntchito. Kumbukirani tsopano mawu oonjezera aja a m'lamulo. Boma litayambitsa mu 2010 ndondomeko ya SAGCOT yokopa makampani aakulu a ulimi kumwera kwa dzikolo, imodzi mwa njira zopezera malo owapatsa inali yomweyi, kukonza mapulani a midzi ndi kuona zotsala. Chida chimene chinasulidwa kuti chitchinjirize mudzi chinakhalanso chingwe chopimira zimene zingachotsedwe kwa mudziwo.

Pano Msilamu ali ndi poyambira kuganiza, chifukwa funso lakuti malo opanda ntchito ndi ati maulama athu analikambirana zaka zoposa chikwi zapitazo. M'mabuku a fiqh muli mutu wa ihya al-mawat, kudzutsa nthaka yakufa: munthu amene walima ndi kusamala malo amene analibe mwini amakhala mwini wake. Komatu akatswiriwo sanalole kuti tchire lililonse litchedwe lakufa. Mudzi uli ndi harim yake, malo ouzungulira amene moyo wa mudziwo umadalira, ndipo amenewa palibe angawatenge ponena kuti anawapeza ali chabe. A madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsatira, amawerengera m'menemo bwalo losonkhanira, poima ziweto, potaya phulusa ndi zina zotere. Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, anaika muyeso umene ngakhale mwana angaumve: munthu aime kumapeto kwa nyumba za mudzi, afuule ndi mphamvu zake zonse, ndipo ponse pamene mawu ake akumvekabe nthakayo si yakufa. Muyeso umenewu ndi wa nthawi yake, sitingaupititse ku Mangochi ya lero monga ulili. Nzeru yake ndiyo ikusowa pa mapu aja, yakuti nthaka ingakhale yosalimidwa koma ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti madzi, msipu ndi moto anthu amagawana. Zitatu zonsezi zimachokera kumalo kumene wopima amati kulibe kanthu.

Funso lina ndi lakuti amalipira ndani. Pulani ya mudzi imadya ndalama zambiri: galimoto, mafuta, zipangizo zopimira, malipiro a akatswiri masiku onse amene ali m'mudzi. Mudzi wamba sungakwanitse, ndipo makhonsolo a maboma nawonso ndalama zawo n'zoperewera. N'chifukwa chake patatha zaka zambiri lamulo likugwira ntchito, midzi yokhala ndi pulani inali yochepabe poyerekeza ndi yopanda. Imene inali nayo, kawirikawiri inali yoti wina wochokera kunja kwa mudzi anali ndi chofuna kumeneko. Bungwe loteteza nyama likalipira, pa mapu pamatuluka njira yotakata ya njovu, monga zinachitikira m'midzi ya ku Tunduru ndi Namtumbo imene ili pakati pa nkhalango ya Selous ndi ya Niassa ku Mozambique. Kampani ikalipira, pamatuluka malo a kampani. Sindikunena kuti onsewa ndi akuba, ndipo njovu nazonso ndi zolengedwa za Allah zofuna podutsa. Ndikungonena kuti wogula ufa ndi ndiwo amakhala ndi mawu pa zimene ziphikidwe, ndipo ntchito imene inafunika miyezi ya kukambirana imapanikizidwa m'masiku owerengeka chifukwa ndalama za ulendo zathera pomwepo. Msonkhano umaitanidwa, amabwera amene amva, mayina amalembedwa, ndipo pepala limati mudzi wavomereza.

Kupatula malo kuti atetezedwe si chinthu chachilendo m'Chisilamu. Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anapatula dera la Naqi kunja kwa Madina kuti likhale msipu wa akavalo a Asilamu, ndipo malo otere amatchedwa hima. Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) anapatulanso ena ku Rabadha. Chimene chimandigwira mtima ndi malangizo amene anapereka kwa Hunayy, munthu amene anamuika kuyang'anira hima. Anamuuza kuti azilola kulowa mwini ngamira zochepa ndi mwini nkhosa zochepa, koma asamale ndi ziweto za Abdurrahman ibn Awf ndi Uthman ibn Affan, anthu awiri olemera ndiponso olemekezeka pakati pa Maswahaba. Chifukwa chake chinali chakuti olemerawo ziweto zawo zikafa ali ndi minda ya tende ndi mbewu zoti adalire, pamene wosauka zake zikafa adzabwera ndi ana ake pakhomo pa Khalifa. Umar anadula mzere pa nthaka monga amachitira akatswiri a lero, koma ananeneratu kuti mzerewo ukutchinjiriza yani. Ndondomeko ya ku Tanzania imalankhula kwambiri za kutenga mbali kwa aliyense, ngati kuti wa mbuzi zisanu ndi wa thirakitala amafika ku msonkhano ndi mawu olemera mofanana.

Mapu alinso ndi chilema chobadwa nacho, pakuti amaima malo amodzi pamene moyo ukuyenda. Mbusa wa Chimasai amatsata mvula, ndipo mvula siidziwa malire a mudzi. Mudzi uliwonse ukajambula kamsipu kake pawokha, njira ya ng'ombe yochokera ku msipu wa dzinja kupita ku wa chilimwe imadukaduka, ndipo m'midzi imene alimi ndi ochuluka mbusa amagonja pa voti iliyonse. Ku Kiteto midzi ya abusa inapeza mankhwala ake pogwirizana kusunga msipu umodzi wa onse, umene inautcha OLENGAPA potenga zilembo za mayina a midziyo. Ndi nzeru yabwino, koma zitsanzo zotere n'zowerengeka. Ndipo ngakhale pepala litalongosoka chotani, ku Loliondo kunaoneka polekezera pake. Mu Juni 2022 boma linazika zikhomo kudula mahekitala 150,000 pa malo amene midzi ya Amasai yolembedwa m'kaundula imati ndi ake. Boma linati likuteteza nyama ndi magwero a madzi a Serengeti. Eni midzi anati malowo akupatulidwira kampani yosaka nyama ya ku United Arab Emirates. Anthu anavulala, ena anathawira ku Kenya, ndipo wapolisi mmodzi anaphedwa. Munthu akhulupirire mbali iliyonse imene angafune, chosatsutsika n'chakuti misonkhano ya midzi inalibe mphamvu yoletsa.

Tiwoloke nyanja tibwere kwathu. Lamulo lathu la malo a makolo la 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, silinachotse mafumu. Komiti ya malo imakhala pa gulupu, wapampando wake ndi gulupu mwiniwake, ndipo anthu amasankha ena asanu ndi mmodzi, osachepera atatu akhale amayi. Komitiyo siingapereke malo popanda chilolezo cha mfumu yaikulu. Pali ubwino wake, chifukwa mfumu imakumbukira malire amene palibe pepala linawalemba. Koma tilibe chofanana ndi msonkhano wa mudzi wa ku Tanzania, bwalo la anthu onse limene lamulo limalipatsa mphamvu yokana. Ndipo lamulo la malo onse la chaka chomwecho, monga linalembedwera poyamba, linaika malo a makolo amene sanagawidwe kwa munthu aliyense m'gulu limodzi ndi malo a boma, mfundo imene inadetsa nkhawa mafumu ambiri. Ngati anzathu okhala ndi bwalo la anthu onse anataya malo, nanga ife amene mlonda wathu ndi anthu asanu ndi awiri ndi chidindo cha mfumu?

Kuno kunyanja, malo athu osagawidwa kwa munthu aliyense ndi dooko. Palibe amalima pa mchenga. Koma m'mawa pamakokedwa mabwato ndi maboti, pamasokedwa zilimira, pamaima mathandala a usipa, amayi amachapa ndi kutunga madzi, ana amasamba, ng'ombe zimamwa, ndipo amalonda a nsomba ochokera ku Limbe ndi Lilongwe amadikirira pomwepo. Katswiri wofika dzuwa lili paliwombo angaone mchenga woyera ndi migwalangwa, n'kuganiza za malo ogona alendo. Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay waona mipanda yofika m'madzi, ndi midzi imene njira yake yopita kunyanja yatsala kampata pakati pa makoma awiri. Zambiri mwa izo zinachitika popanda pulani iliyonse, mwa kumvana kwa anthu awiri kapena atatu, ndipo pulani yokambidwa bwino ikanaziletsa. Mantha anga ndi pulani yothamangitsidwa, imene ingadzangoika chidindo pa mipanda yomweyo n'kuloza pamene ina idzamangidwe. Komanso gombe silikhala pamodzi. Mu 2024 nyanja inakwera n'kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Dooko limene lapimidwa chaka cha madzi ochepa limakhala pansi pa madzi chaka cha madzi ambiri, ndipo asodzi akasunthira kumtunda amapeza kuti kumtundako kuli chikalata cha munthu. Mzere wa dooko uyenera kudulidwa poyang'ana pamene madzi anafika chaka choipitsitsa chimene akuluakulu akukumbukira.

Pali zinanso zimene wopima sangazidziwe ngati sitinena. Manda amadzaza, ndipo Msilamu sagoneka maliro masiku pofuna poika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi lokha, ndiye malo okulitsira manda ayenera kulembedwa lero. Chimodzimodzi bwalo lopempherera Eid, limene limagwira ntchito kawiri pachaka ndipo masiku ena onse limaoneka ngati thengo. Mizikiti ndi madrasa zambiri zinamangidwa pa malo amene gogo wina anapereka ndi pakamwa monga waqf, ndipo mboni zake zinatsikira kuli chete. Mdzukulu akadzalembetsa malo a banja, mzere ungadzadutse pakati pa chitsime chopangira wudhu ndi khomo la mzikiti. Nanga pa munda wa mbumba, umene alongo amalima ndipo amjomba amauyang'anira, pachikalata padzalembedwa dzina la yani? Funso ili n'lofunika nkhani yakeyake, koma lidzafika pakhomo tsiku lomwelo limene opima adzafike.

Sikuti kwathu kuno tikuyamba popanda kanthu. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa chaka chilichonse kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950, lamulo la usodzi la 1997 ndi makomiti a m'madooko zisanabwere. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa pachilumbapo. Lamulo lake loletsa amayi kufikako ena amalifunsa mafunso, ndipo ali ndi ufulu wotero. Koma taonani mtundu wa pulani imeneyi. Imagawa chaka ndi miyezi, kotero kuti malo omwewo mwezi uno ndi otseka, mwezi wina ndi otsegula. Inakonzedwa ndi anthu amene amadya utaka wa pomwepo, ndipo amaimvera chifukwa aliyense akudziwa amene anaika lamulo ndi kumene angakadandaule. Mapu opaka mtundu umodzi pa chigawo chimodzi amavutika kusonyeza malo amene ndi dziwe la milamba m'dzinja, dimba madzi akaphwa, ndi msipu pambuyo pokolola. Madambo athu ambiri ndi otero.

Tsiku lina komiti ya malo idzaitana msonkhano m'mudzi mwanu. Nthawi imene a boma amakonda ndi 9 koloko m'mawa, kuti abwerere ku ofesi dzuwa lisanalowe. Pa ola limenelo asodzi amene anachezera panyanja ndi nyali ali m'tulo, amayi ali pa mathandala kuyanika usipa usanaonongeke, ndipo amene amapezeka pansi pa mtengo ndi okalamba ochepa ndi ena amene anamva kuti kuli kangachepe. Tsiku limene amuna a mudzi wonse amakumana okha, osaitanidwa ndi galimoto la boma, ndi Lachisanu ikatha swala ya Jumu'ah, ndipo amayi ali ndi masiku awo a dawa kumene amasonkhana mwaunyinji. Masheikh ndi makomiti a mizikiti angathe kupempha kuti mapu asanasainidwe apachikidwe milungu ingapo pa khoma la mzikiti ndi la tchalitchi cha anansi athu, ndi kuti munthu wodziwa kuwerenga aime patsogolo, aloze chigawo chilichonse chimene chilibe dzina la munthu, n'kufunsa mokweza kuti amene amapitako ndani, mwezi uti, kukatenga chiyani.